Kalata yotseguka kwa Nduna ya Chitetezo cha M'dziko: ana obadwira kuno kwa makolo ochokera kunja

Olemekezeka a Nduna,

Tikulemba ndife amene timathandiza mabanja muno mu Lilongwe kulongosola zikalata za ana awo. Bungwe la kalembera la NRB ndiponso nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko zonse zili pansi pa unduna wanu, n'chifukwa chake nkhani ya makandawa taitula kwa inu.

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana akangobadwira ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central ndiye kuti ndi Mmalawi basi. Lamulo silitero. Gawo 4 la lamulo la unzika la 1966 limati wobadwira m'Malawi amakhala nzika ngati bambo kapena mayi ake ndi nzika. Unzika umatsata kholo, osati chipatala. Koma lamulo la kalembera la 2010, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015, limafuna kuti mwana aliyense wobadwira m'dziko muno alembetsedwe pasanathe masabata asanu ndi limodzi, kaya makolo ake ndi a ku Dedza kaya a ku Bujumbura. Choncho chiphaso cha kubadwa n'cha mwana aliyense, pomwe pasipoti ya Malawi ndi ya nzika yokha. Ziwirizi zikasakanizika m'pamene mavuto amayambira: wolemba amazengereza kudzaza fomu ya mwana wa mlendo poopa kuti akugawa unzika, nalo kholo limanyamula chiphaso cha kubadwa kukafunsira pasipoti imene mwanayo sayenera kulandira. Tikupempha kuti mulembe kalata imodzi yomveka bwino, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, yopita kumawodi onse a amayi oyembekezera ndi kumaofesi a kalembera m'maboma, yonena kuti kulembetsa mwana si kumupatsa unzika, ndipo palibe chifukwa chokanira.

Fomu ya NR8 imene imadzazidwa mwana akabadwa imaoneka yaing'ono, koma zolakwika zake zimamutsata mwana mpaka kukula. Choyamba ndi kalembedwe ka mayina. Kuno l ndi r timazisinthanitsa osaona vuto, koma ofesi ya kazembe ikaona kuti dzina la mayi pa chiphaso cha mwana lasiyana chilembo chimodzi ndi la m'pasipoti, imabweza zonse. Dzina lizikopedwa kuchokera m'pasipoti kapena chikalata china cha kholo, osati kulemba zimene khutu lamva, ndipo kholo liziwerenga fomuyo lisanasaine. Chachiwiri, ku Rwanda ndi ku Burundi n'zachizolowezi kuti mwana aliyense akhale ndi dzina lakelake, osatenga la bambo. Wolemba wosadziwa mwambowu amakakamiza dzina la bambo, kapena amayamba kukayika ngati mwanayo ndi wa banjalo. Chachitatu, chomwenso n'choopsa kuposa zonse, ndi malo a bambo kusiyidwa osadzaza. Ngati makolo sanakwatirane, dzina la bambo limalowa iye mwini akavomereza. Tsono ngati Mmalawi m'banjamo ndi bamboyo, ndipo tsiku lotuluka m'chipatala sanaoneke, unzika wa mwanayo umasowa pogwira. Mayi aziuzidwa zimenezi ku sikelo, mimba ikadali yaing'ono, osati ali pabedi ndi khanda m'manja.

Masabata asanu ndi limodzi aja akadutsa, kulembetsa kumafuna maumboni owonjezera. Mmalawi amathamangira kwa amfumu kwawo. Mlendo wochita lendi ku Area 47 kapena ku Biwi alibe mudzi woti angatchule, ndipo amangotumizidwa uku ndi uku. Pakufunika kunena poyera umboni umene ungalowe m'malo mwa kalata ya amfumu kwa munthu wotere.

Mwana amene kholo lake limodzi ndi Mmalawi nkhani yake siyenera kuvuta. Lamulo limati bambo kapena mayi, ndiye mayi wachimalawi amapatsira mwana wake unzika ngakhale bambo ali wa ku Nigeria kapena ku Lebanon. Dzina lachilendo si chifukwa chofunsira zikalata zimene ena safunsidwa. Chiphaso cha kubadwa ndi chiphaso cha unzika cha kholo lachimalawilo ziyenera kukwanira kutsimikiza unzika. Ndiponso chisinthireni lamulo mu 2019, unzika wa mayiko awiri ndi wololedwa, koma makolo ambiri akadali ndi mantha akale oti mwana akatenga pasipoti ya kwa bambo ake ndiye kuti ya Malawi yamuthera.

Makolo onse akakhala alendo okhala ndi chilolezo cha ntchito, TEP, kapena cha bizinesi, BRP, njira yake ndi iyi: chiphaso cha kubadwa kuchokera ku NRB, kenako kulembetsa mwana ku ofesi ya kazembe wa kwawo, kenako pasipoti ya kwawo, pomaliza kumuika mwanayo pa chilolezo chokhalira m'dziko muno. Chiphaso chikachedwa, zonse zotsatira zimaima. Dziko la India, mwachitsanzo, limafuna kuti mwana wobadwira kunja alembetsedwe ku ofesi yawo pasanathe chaka chimodzi. Mayiko ena alibe ofesi ya kazembe mu Lilongwe, kotero zikalata zimakadzera ku Lusaka, Harare kapena Pretoria. Pa miyezi yonseyi khandalo lili m'dziko lopanda pasipoti komanso lopanda chilolezo, osati chifukwa makolo azemba lamulo ayi. Nthambi yanu inene nthawi yodziwika imene khanda lotere lingakhale osawerengedwa ngati lolakwira lamulo.

Amene akutidetsa nkhawa kwenikweni ndi ana amene dziko lililonse silikuwatenga. Msasa wa Dzaleka ku Dowa unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu opitirira 50,000. Muli achinyamata obadwira momwemo amene nawonso abereka, oyankhula Chichewa ngati ife, osaidziwa Congo kapena Burundi. Wothawa kwawo sangapite kwa kazembe wa dziko limene analithawa, chifukwa kutero kungaoneke ngati wabwerera m'manja mwa boma lomwelo. Palinso mayiko, monga Somalia, amene lamulo lawo limapereka unzika kudzera mwa bambo. Mwana wa mayi wochokera kumeneko, bambo akakhala wosadziwika, amabadwa wopanda dziko.

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndiponso unzika. Pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa ana, lomwe Malawi inavomereza, limanena mu gawo 6 kuti mwana alandire unzika wa dziko limene wabadwiramo ngati palibe dziko lina lomupatsa. Lamulo lathu la unzika silinafike pamenepo. Gawo 18 limalola munthu wopanda dziko kupempha kuti alembetsedwe ngati nzika, koma akhale atakhala muno zaka zitatu, ndipo khanda la sabata imodzi silingakwanitse zimenezo. Malawi inalowa m'pangano la 1954 lokhudza anthu opanda dziko mu 2009. Tikupempha kuti mfundo ya pangano la 1961, yoteteza ana kuti asabadwe opanda dziko, ilowe m'lamulo lathu.

Tikudziwa kuti ena adzati tikutsegulira khomo aliyense wofuna pasipoti ya Malawi. Ayi. Mwana wa Mmwenye wabizinesi kapena wa Mtanzania wogulitsa zitenje ali ndi kwawo, ndipo akatenge pasipoti ya kwawo. Tikunena za mwana yekhayo amene zafufuzidwa n'kupezeka kuti palibe dziko lina lomuwerenga. Pamene mukukonza zopita ndi kusinthaku ku Nyumba ya Malamulo, lamulani kuti pakhale fomu yodziwika, mtengo wolembedwa poyera ndi ofesi imodzi mu Lilongwe yolandira mapempho a gawo 18, ndipo woyankhidwa kuti ayi azipatsidwa chifukwa chake molemba.

Ndife,
Othandiza mabanja pa zikalata za ana,
Lilongwe