Dandaulo pa camshaft ndi masipuling'i amene munandilipiritsa

Kwa Mkulu wa Galaja,
Mzinda wa Tete.

Bambo,

Ndalemba kalata chifukwa pa foni zakanika. Pa WhatsApp mumawerenga koma osayankha, ndipo ndikaimba amandilandira ndi mnyamata amene nyimbo yake ndi imodzi: "Bwana atuluka pang'ono." Fatura muli nayo, uthenga wa M-Pesa muli nawo, ndiye za galimoto iti ndi ndalama zingati sindibwerezanso.

Munandigulitsa camshaft, chitsulo cha mu injini chokhala ndi nsonga zokankha mavalavu, yotsegula mavalavuwo kwambiri kuposa ya ku fakitale, n'kuiika nokha. Pa fatura yomweyo munalembapo masipuling'i atsopano a mavalavu, ine n'kulipira.

Vuto linayamba tsiku lomwelo ndisanapite patali. Nditadutsa Moatize ndinafuna kupitirira thiraki, koma singano yoonetsa kuzungulira kwa injini itangofika pa 5,500 injini inatsamwa, n'kuphulika chakutsogolo, mphamvu n'kuthera pomwepo, ine ndili mbali ya eni ake. Kufika ku Ulongué, m'mawa kuzizira, pamwamba pa injini pankamveka kugogoda, ndipo kumbuyo kunayamba utsi wabuluu umene kale kunalibe.

Inu mukudziwa kuti kuchoka ku Angónia kudzera pa Mussacama mpaka kuwoloka Zambezi ndi mtunda wopitirira makilomita 200. Msewu umenewu ndauyenda mpaka apolisi a panjira anayamba kundipatsa moni. Poyamba anyamata anu anati ndi mapulagi, ndinagula. Kenako anati ndi petulo wa m'zigubu, pomwe ine ndimathira pa pampu. Ulendo wina ndinakhala pa benchi ya pageti kuyambira m'mawa, dzuwa la ku Tete likuwotcha mpaka m'nsapato, n'kudzauzidwa madzulo kuti amisiri aakulu ali ku Beira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamasula chivundikiro cha pamwamba pa injini kuti aone.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi kapitawo wanu. Ndinamufunsa mwaulemu, anthu ali pomwepo, kuti, "Achimwene, kodi masipuling'i aja munawayeza musanatseke?" Sanandiyang'ane n'komwe. Anapitiriza kupukuta manja, n'kuuza anyamata ake mokweza kuti, "Mwamva? Mlimi wa mbatatesi wabwera kudzatiphunzitsa injini." Kenako anatembenuka nati, "Madala, vuto ndi phazi lanulo. Galimoto si ngolo. Ngati yakukanikani, bwererani ku ng'ombe." Anyamata anaseka. Inde, ndimalima mbatatesi, ndipo ndalama za mbatatesi zomwezo munazilandira ndi manja awiri osaona kuti zili ndi dothi.

Popeza phazi langa ndilo linapalamula, ndinapita kwa makaniko wa kwathu kuno, wogwirira ntchito pansi pa shedi ya malata. Anatsegula ine ndikuona. Masipuling'i ndi akale aja, ndi kadontho ka utoto komwe kaja kamene ndinakaona hedi ya injini ili pa tebulo panu. Imodzi ya pa silinda yachitatu ndi yothyoka pawiri. Enawo pakati pa mizere yake pali ngwee, kuwala ngati mpeni wonoledwa kumene, kusonyeza kuti akhala akugundana okhaokha.

Anazungulitsa injini ndi sipanala mpaka valavu itatseguka pothera, n'kuyesa kulowetsa geji pakati pa mizere ya sipuling'i. Ngakhale ya theka la milimita inakana. Aliyense amene amaika camshaft yotere amadziwa kuti pamayenera kutsala mpata wa pafupifupi milimita 1.5. Ukasowa mpatawo, sipuling'i imasanduka chitsulo chouma, ndipo nkhonya yonse imabwerera ku camshaft. Anaika choyezera cha singano chotchedwa dial gauge pa nsonga iliyonse ya camshaft, ndipo ya pa silinda yachitatu ija yadyeka moti ikukweza valavu mochepera kuposa zinzake, ngakhale ndi chala umamva kuti yaphwa. Ma retainer, tizitsulo togwira sipuling'i pamwamba, akhala akumenya ma seal otchinga oyilo pa mavalavu mpaka kuwaphwanya, n'chifukwa chake oyilo akulowa m'masilinda n'kutuluka ngati utsi. Za kutsamwa pa 5,500 anandifotokozera kuti masipuling'i otopa satha kubweza valavu msanga injini ikathamanga, valavu imatsala m'malere m'malo motseka. Titadula fyuluta ya oyilo, m'mapepala mwake munali timiyala tachitsulo tonyezimira. Zina mwa zimenezo ziyenera kuti zadutsa m'mabeyaring'i.

Ntchito yonse yoyezayi sinamutengere ndi theka la tsiku lomwe. Inu muli ndi chikwangwani chachikulu, makina okwezera galimoto ndi anyamata a yunifolomu. Kodi geji ndi imene inakusowani, kapena masipuling'i anga analowa m'galimoto ya munthu wina wosanunkha dothi?

Galimoto sindibweretsanso kwanu, zimenezo iwalani. Ndikufuna mundibwezere ndalama za camshaft, za masipuling'i amene simunaike, ndi za ntchito, komanso mulipire kutsukitsa injini ndi mabeyaring'i atsopano. Za petulo wa maulendo aja ndazisiya, ngakhale zikundiwawa. Sipuling'i yothyoka, fyuluta yodulidwa ndi zithunzi zonse ndasunga. Mukafuna kutumiza kapitawo wanu kuti adzaone yekha, abwere, msewu wa ng'ombe ndi womwewu.

Mwezi uno ukatha ndisanamve kanthu, ndikatula nkhaniyi ku ofesi ya boma yoyendera mabizinesi, ndipo lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009, mukaliwerengera komweko. Hedi ndidutsa nayo pa chipata cha malire cha Calómuè kupita ku Lilongwe, kumene kwa ife n'kufupi kuposa ku Tete. Anzanga a kuno amene ankadikira kuona mmene yanga iyendere asanabweretse zawo ndawaonetsa kale fyuluta ija.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Ulongué, Angónia.