Malonda a mankhwala otsuka m'mimba aletsedwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za malonda aja akumveka pa wailesi masiku ano, otsatsa madzi a m'botolo amene akuti amatsuka m'mimba n'kupha tizilombo tonse. Tonse! Mwina wolemba malondawo ankajomba phunziro la sayansi, nanga amene anavomereza kuti aulutsidwe anali m'tulo?

Kafukufuku wa mu 2016 anasonyeza kuti munthu wamkulu amakhala ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, kuposa pang'ono maselo a thupi lake, ndipo ochuluka zedi amakhala m'thumbo lalikulu. Amenewa ndi amene amagaya zimene mimba yalephera kugaya m'masamba, zipatso ndi nyemba, n'kutulutsa chakudya cha maselo a thumbolo. Amapanga vitamini K. Amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira mdani weniweni, komanso amadzaza malo kuti tizilombo toyipa tisowe pokhala. Ndiye wina abwere ndi kabotolo kake kudzapha onsewa, ife tizimuwombera m'manja?

Madokotala akudziwa zimene zimachitika mabakiteriyawa akatha. Wodwala akamwa maantibayotiki (mankhwala opha mabakiteriya) amphamvu, kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile kamapeza malo opanda mwini, n'kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa kumene kumapha, makamaka okalamba. Kuti ena achire, madokotala amachita kuwaika m'thumbo tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu wathanzi. Inde, chimbudzi, musachite tsinya! Mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwala oyamba opangidwa motere. Akatswiri akuvutika kubwezeretsa tizilomboti, wamalondayu akutiuza kuti tilipire kuti tizilomboto tithe.

Toyipa tiliponso. Helicobacter pylori imayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo madokotala a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005 atatsimikizira zimenezi. Koma imeneyo amayamba aiyeza kaye, kenako n'kupereka mankhwala ake enieni.

Komatu vuto silikuthera pa botololi. Ogulitsa mankhwala ena akupereka maantibayotiki a amoxicillin kwa munthu wa chimfine popanda kalata ya dokotala, chonsecho bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza kuti maantibayotiki sapha mavairasi, amene amayambitsa chimfine. Makolo nawonso akumwetsa ana makapisozi otsala a chaka chatha, mwana akangoti khofo.

Oyang'anira mankhwala aletse malondawa msanga, ndipo a wailesi azifunsa umboni asanalandire ndalama za wotsatsa.

Ndine,
Womvera wailesi wokhumudwa