Njira yoperekera katemera wa mliri wa makoswe ndi yofunika

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo pa kafukufuku amene akatswiri amachita pa mbewa, mbira ndi apusi poyerekeza njira zoperekera katemera wa mliri wa makoswe, uja wopangidwa ndi tizilombo tamoyo koma tofooka. Ena angaione nkhaniyi ngati ya kutali, komatu matendawa, amene amafala kudzera mu utitiri wa makoswe, anabuka ku Nsanje mu 2002, ndipo ku Madagascar mu 2017 anadwalitsa anthu oposa 2,000 n'kupha oposa 200.

Katemera wodziwika kwambiri, wotchedwa EV, anapangidwa ku Madagascar komweko ndi Georges Girard ndi Jean Robic, anayamba kuperekedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo ku Russia ndi ku Kazakhstan akumugwiritsabe ntchito. Zinyama zija zaonetsa kuti katemera yemweyo akhoza kuteteza kapena kupha malinga ndi pamene walowera. Mbewa ikabayidwa pansi pa khungu kawirikawiri imatetezeka, koma tizilombo tomweto tikalowetsedwa mumtsempha wa magazi imatha kufa. Mtundu wa nyama nawonso umasintha zinthu, pakuti katemera amene sanavulaze mbira anapha apusi ena, onga omwe timawaona m'mphepete mwa nyanja kunoku. Choncho amene akutiuza kuti katemera wapambana pa mbewa azitiuzanso kuti anam'pereka bwanji, ndiponso ngati anateteza ku mliri wa m'mapapo, umene umafala pokhosomola ndipo umapha msanga kuposa uja wotupitsa mwanabere.

Njira imene ine ndikuiona yotiyenera ndi ya pakamwa. Ofufuza a ku Institut Pasteur ku Paris anatenga kachilombo kena ka m'banja limodzi ndi kamene kamayambitsa mliriwu, kofooketsedwa, n'kumwetsa mbewa kamodzi kokha, ndipo zinatetezeka ku mitundu iwiri yonse ya mliriwu, wa m'mapapo ndi wa mwanabere. Kumidzi ngati ya kwa Khombedza kapena kwa Pemba, katemera wotere alangizi a zaumoyo angamupereke monga amachitira ndi madontho a poliyo, popanda singano.

Komabe mbewa si munthu, ndipo katemera wamoyo ndi woopsa kwa amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika, omwe m'dziko muno alipo ambiri. Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri athu a kusukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS) kuti azitsatira kafukufukuyu, makamaka zimene zikupezeka pa zinyama za chitetezo chofooka, katemera wotere asanayesedwe pa Amalawi.

Wowerenga wanu,
Chipoka, Salima