Kalata kwa Chisomo: mwala wowala mu mdima

Mdzukulu wanga Chisomo,

Moni wochokera kuno ku Ntcheu. Amayi ako akuti wakhala ukufunsa ngati chinthu chingawale popanda moto kapena batire. Chingawale. Yesa wekha.

Tola miyala iwiri yoyera mbee, ija yonyezimira ngati galasi yomwe asayansi amaitcha quartz, iliyonse yokwana m'dzanja lako. Uitsuke, uiyanike padzuwa tsiku lonse. Usiku utchinge zenera ndi bulangete, uzimitse nyali ndi foni, ukhale phee mphindi 15 kuti maso azolowere mdima. Ukapupuluma sudzaona kanthu, udzangoti agogo ndi abodza. Kenako khuza miyalayo mokanikiza. Usaimenyanitse, tizidutswa tingakugwere m'maso. Mkati mwake mudzaoneka kuwala ngati kwa khala lozilala, ndipo udzamva kafungo ka chinthu chopserera.

Shuga nayenso amatero. Thira supuni imodzi m'mbale youma, umupere ndi kunsi kwa tambula yagalasi yochindikala, ukusuzumira m'tambulamo. Tidzathwanima timoto tabuluu. Kanjere ka shuga kakasweka, mbali ziwirizo zimatsala ndi mphamvu ya magetsi yosiyana. Magetsiwo amalumpha mng'aluwo ngati kamphezi, n'kugunda mpweya wa nitrogen, ndiye umawalawo. Katswiri wina wa ku England, Francis Bacon, analembapo za shuga ameneyu mu 1620.

Mdani wako ndi chinyezi, chifukwa magetsi amathawira m'madzi asanalumphe. Ndi chifunga cha mu June ndi July kwanu ku Dedzako, shuga amanyowa ali m'paketi. Dikira September, kapena umuyanike kaye.

Koma shuga wosweka sawalanso kachiwiri. Mu 1999 gulu la asayansi la Chao-Nan Xu ku Japan linaonetsa ufa wotchedwa strontium aluminate wothira pang'ono chitsulo chosowa chotchedwa europium, womwe umawala mobiriwira ukangofinyidwa, osasweka. Amausakaniza ndi utoto n'kupaka pa chitsulo kapena simenti. Taganiza mlatho wonga wa pa Linthipe: lole ikamadutsa, pomwe pali kamng'alu kobisika ndi pomwe pamawala kwambiri, kamera n'kujambula usiku. Vuto lake, ufawo uyenera kuyamba waunikidwa ndi nyali kuti usunge mphamvu. Ukafinyidwafinyidwa mu mdima, kuwala kumanka kuzilala.

Shugayo upemphe kwa amayi ako, usatape wekha. Ukatha utsuke mbale, nyerere zisakupeze pamphasa.

Ndine agogo ako.