Lipoti la nthumwi yathu: msonkhano wa kawerengedwe ka magemu

A Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa magulu osonkhanitsa ndi kusunga magemu kuti ndikabwere ndi yankho la funso lomwe lativuta kwa nthawi yaitali: m'kabati yathu muli magemu angati? A Mlembi akawerenga amapeza nambala yawo, a Msungichuma akawerenga amapeza ina, chonsecho onse awiri amawerenga mokhulupirika. Kumsonkhanoko kunali anthu a magemu a pabolodi, a makhadi ndi a pakompyuta, komanso ogwira ntchito m'malaibulale ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Panalibe gulu ngakhale limodzi lomwe kaundula wake analibe mkangano, choncho musadzione ngati ndinu nokha ovuta.

Za malonje ndi mawu otsegulira sindichulutsapo gaga. Chigawo choyamba chinali cha funso loti gemu n'chiyani, ndipo anatsogolera ndi mphunzitsi wina wa kuyunivesite. Anayambira kwa Johan Huizinga wa ku Netherlands, yemwe mu 1938 analemba kuti masewera munthu amachita mwa kufuna kwake, pamalo ndi nthawi yoikika, motsata malamulo omwe kunja kwa bwalolo alibe mphamvu. Anatchulanso Roger Caillois wa ku France, yemwe mu 1958 anagawa masewera panayi: opikisana, odalira mwayi, oyerekezera kukhala munthu wina, ndi obweretsa chizungulire. Koma amene anandigwira mtima ndi Bernard Suits. Mu 1978 iyeyu anati kusewera gemu ndi kudziikira dala zopinga zosafunikira n'kumalimbana nazo. Taganizani za gofu. Ngati cholinga n'choti kampira kalowe m'dzenje, bwanji osangokatola, kuyenda nako n'kukaponyamo ndi dzanja? Koma munthu amavomera kukamenya ndi ndodo kuchokera kutali, pakati pali mchenga ndi madzi. Kuvomera njira yovuta pomwe yachidule ilipo, ndiye gemuyo.

Tinawomba m'manja, koma posakhalitsa anthu anayamba kuponya zitsanzo zokana kulowa m'matanthauzo amenewa. Pa gemu ya njoka ndi makwerero, yomwe inachokera ku India, wosewera sasankha kanthu, dayisi ndiyo imalamula zonse. Dungeons & Dragons ya mu 1974 ilibe wopambana kapena wogonja, anthu amangopitiriza nkhani yawo mlungu ndi mlungu. SimCity ya mu 1989 mwini wake yemwe, Will Wright, ankaitcha choseweretsa chifukwa palibe pomwe imakuuza kuti wawina. Game of Life ya John Conway ya mu 1970 ndiye imachita kudziyendetsa yokha ukangoiyambitsa, iwe n'kumangoonerera. Nanga kabokosi ka Rubik? Ernő Rubik anakapanga mu 1974, ndipo ukakhala wekha n'kongoswetsa mutu basi. Koma mu 1982 ku Budapest kunachitika mpikisano wa dziko lonse wa kabokosi komweko. Chinasintha n'chakuti panabwera wotchi ndi mnzako pambali.

Mphunzitsi uja anatseka ndi Ludwig Wittgenstein, yemwe m'zolemba zake zomwe zinatuluka mu 1953 anati masewera amafanana ngati anthu a banja limodzi: uyu watenga mphuno ya agogo, uyo mayendedwe a malume, koma palibe chizindikiro chimodzi chomwe onse ali nacho. Kunena chilungamo, zokambiranazi zinali zokoma kumva, koma kabati yathu sizingatiwerengere. Chomwe ndinatolapo n'chakuti malire amaika ndi eni kabati. Chofunika n'kuwalemba, kuti asamasinthe malinga ndi amene wagwira cholembera tsiku limenelo.

Nkhani inayamba kuoneka mutu wake pomwe mayi wina wa ku laibulale anabwera kutsogolo ndi kachikwama. Sanayambe n'kulankhula. Anatulutsa paketi ya makhadi 52, katoni yake yomatamata ndi selotepu, n'kuiika patebulo. Pambali pake anaika kakatiriji kachikasu ka makina akale olumikiza ku TV, chithunzi chake chitasuluka, koma mawu akuti 999 in 1 akuonekabe. Kenako anaika mabokosi awiri a tchesi, lina la tizidutswa tamtengo, lina tapulasitiki. Atatero anati aliyense alembe pakapepala kuti patebulopo pali magemu angati.

Ena analemba 4, ena 3, ena anaphatikiza 999 uja n'kupitirira chikwi. Mayiwo anatenga chimodzichimodzi. Paketi ya makhadi ndi chinthu chimodzi, koma mumatuluka poker, bridge, rummy, solitaire ndi magemu ena ambirimbiri, ndipo palibe ngakhale imodzi yolembedwa pakatoniyo. Magemuwo ali m'mitu ya anthu. Kakatiriji kaja n'kabodza: makatiriji amtunduwu amakhala ndi magemu ochepa chabe obwerezedwabwerezedwa, dzina lasintha, kapena ukuyambira pa levulo ina, basi aiwerenga ngati yatsopano. Tchesi ndi gemu imodzi m'mabokosi awiri. Anatiuza kuti palibe amene walakwa, chifukwa sanatiuze kuti tiwerenge chiyani. Apa ndi pomwe pagona nkhani yathu, a Wapampando. A Msungichuma amawerenga mabokosi chifukwa ndi katundu wa gulu. A Mlembi amawerenga maina a magemu chifukwa ndi omwe timasankhapo tikakumana.

Mayiwo anatiphunzitsa njira ya kumalaibulale, yomwe bungwe la malaibulale a padziko lonse la IFLA linafalitsa mu 1998 ndipo imadziwika kuti FRBR. Inapangidwira mabuku, koma magemu ikuwakwana bwino. Chinthu chimodzi amachiona pa masitepe anayi. Pamwamba pali ntchito yeniyeniyo monga mwini wake anaiganizira. Pansi pake pali maonekedwe omwe ntchitoyo yatenga, mwachitsanzo ikamasuliridwa m'chinenero china kapena malamulo ake akakonzedwanso. Kenako pali kutulutsidwa kwake, kutanthauza kampani yakuti, chaka chakuti, bokosi lamtundu wakuti. Pomaliza pali chinthu chomwe chili m'manja mwako. Tengani Catan, yomwe Klaus Teuber anatulutsa ku Germany mu 1995. Gemuyo ndi imodzi. Ya m'Chijeremani ndi ya m'Chingerezi ndi maonekedwe awiri. Mabokosi ake asindikizidwa kambirimbiri ndi zithunzi zosiyana. Ndiye pali bokosi lathu lija long'ambika pakona, lomwe lilipo limodzi lokha padziko lonse. Munthu akati ndili ndi magemu akutiakuti, muzimufunsa kuti akuwerengera pa sitepe iti.

Njirayi imamasula mfundo zambiri zomwe zinkatimanga. Tetris anaipanga ndi Alexey Pajitnov ku Moscow mu 1984, ndipo yatuluka pa makina osawerengeka, kuphatikizapo Game Boy mu 1989. Amene ali nayo pa makina atatu ali ndi gemu imodzi koma zinthu zitatu. Monopoly yomwe angosintha maina a misewu ndi chimodzimodzi. Koma dzina lokha lisatinamize. Super Mario Bros. 2 yomwe inatuluka ku Japan mu 1986 ndi yosiyana kotheratu ndi Super Mario Bros. 2 ya ku America ya mu 1988, yomwe anaikonza kuchokera ku gemu ina ya ku Japan yotchedwa Doki Doki Panic. Dzina limodzi, magemu awiri. Ndipo ya ku Japan ija inadzafika kumaiko a azungu mu 1993 mkati mwa katiriji ya Super Mario All-Stars, momwe muli magemu anayi. M'kaundula, katiriji imodzi imeneyo imalowa kamodzi m'danga la zinthu, kanayi m'danga la magemu.

Pa zowonjezera tinagwirizana msanga. Seafarers ya mu 1997 ndi Cities & Knights ya mu 1998 ndi mabokosi athunthu, koma popanda Catan yoyamba sungasewere, choncho si magemu paokha. Zizilembedwa pansi pa gemu yomwe zimadalira. Magic: The Gathering ya mu 1993 nayonso ndi gemu imodzi, kaya munthu ali ndi makhadi odzaza sutikesi. Bambo wina wokonda makhadiwa anang'ung'udza kuti zaka zake zonse zogula zasanduka mzere umodzi, koma palibe anamuikira kumbuyo.

Pomwe panavuta zedi ndi pa magemu ogula pa intaneti, ndipo apa ena mitima inakwera. Achinyamata ankati mndandanda wa pa akaunti yawo ya Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndi chuma chawo mofanana ndi mabokosi a pashelufu. Osunga zinthu zakale ankati ayi, chomwe munagula ndi chilolezo chosewerera, osati gemuyo. Umboni unali kumbali yawo. The Crew, gemu ya mpikisano wa magalimoto yomwe Ubisoft inatulutsa mu 2014, inkafuna intaneti nthawi zonse, ndipo maseva ake, makompyuta a kampani omwe ankaiyendetsa, atazimitsidwa pa 31 March 2024 ngakhale omwe anali ndi disiki m'manja sanathenso kusewera. Gemu ya P.T. ya kampani ya Konami inatuluka mu 2014 n'kuchotsedwa pa PlayStation Store mu 2015, moti inangotsala m'makina a omwe anali ataikoperatu. Ku California anafika pokhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza ogulitsa kuti azimuuza wogula momveka bwino ngati akungolandira chilolezo. Anatikumbutsanso kafukufuku wa Video Game History Foundation wa mu 2023, yemwe anapeza kuti mwa magemu 100 alionse omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sakugulitsidwanso.

Ine pa mkanganowu ndinaima pakati, ngakhale ndimapendekera kwa osunga zakale. Gemu yomwe unalipira, uli nayo m'makina ako ndipo imatseguka popanda kupempha chilolezo kwa wina, ndi yako ndithu. Koma yomwe umaipeza chifukwa ukulipira mwezi ndi mwezi, mawa eni ake atha kuichotsa osakufunsa. Imeneyo n'njobwereka, ndipo zobwereka sitimazilemba m'kaundula wa katundu. Msonkhano sunamange mfundo pa nkhaniyi. Nthawi inatha anthu akadali ndi manja m'mwamba.

Nkhani ya mabokosi opereweza inabwera mochedwa, koma kwa ife ndi yofunika kuposa zambiri zomwe zinadya nthawi. Bambo wina wa kunyumba yosungiramo zakale anasiyanitsa magemu awiri akale kwambiri. Senet ya ku Egypt mabolodi ake alipo, ena anapezeka m'manda a Tutankhamun, koma malamulo ake enieni anatayika, ndipo omwe anthu amatsata lero ndi ongoganizira akatswiri. Gemu ya ku Ur, mzinda wakale wa ku Iraq, inachita mwayi. Mabolodi ake, a zaka za m'ma 2600 Yesu asanabadwe, anawafukula Leonard Woolley m'ma 1920, ndipo pambuyo pake Irving Finkel wa ku British Museum anawerenga phale ladongo la ku Babulo lolembedwa mu 177 Yesu asanabadwe, lomwe linafotokoza kaseweredwe kake. Mfundo ya bamboyo inali yakuti bolodi lopanda malamulo ndi chinthu choonera, ndipo limadzasanduka gemu malamulowo akapezeka. Nthawi yomweyo ndinaganiza za mabokosi athu omwe kabuku ka malamulo kanasowa, ndi ena omwe makhadi ake sakukwana. Dayisi ikasowa timabwereka ya m'bokosi lina, imeneyo si nkhani. Koma makhadi apadera akasowa, gemuyo yafa mpaka tipeze ena.

Wina anafunsa za Antonio Romero Monteiro wa ku Texas, yemwe mu 2019 Guinness World Records inamulemba kuti ali ndi magemu a pavidiyo okwana 20,139. Anamuyankha kuti nambala ngati imeneyi imalemekezeka chifukwa Guinness imayamba yaika malamulo a kawerengedwe, ndipo pamakhala mboni. Ife sitikupikisana ndi munthu, koma dongosolo lake ndi lomwelo: malamulo kaye, kuwerenga pambuyo.

Choncho ndikupempha komiti kuti kaundula wathu akhale ndi madanga awiri, lina la magemu, lina la zinthu. M'danga la magemu mulowe zokhazo zomwe tingathe kuzitulutsa lero, kukhala pansi n'kusewera mpaka kumapeto. M'danga la zinthu mulowe bokosi lililonse, katiriji iliyonse ndi disiki iliyonse, kuphatikizapo zobwereza, zowonjezera ndi zopereweza, ndipo pambali pake palembedwe momwe chinthucho chilili. Paketi ya makhadi ndikuti ilowe m'danga la zinthu lokha, apo ayi tidzakangana mpaka kalekale za magemu omwe aliyense amawadziwa. Tikamalemba lipoti la pachaka tizitchula manambala onse awiri, iliyonse ndi dzina lake.

Pali ziwiri zomwe sindingagamule ndekha, zikufunika voti. Choyamba ndi zithunzi zoduladula zolumikiza zija, pamodzi ndi kabokosi ka Rubik. Magulu ena amaziika ku magemu, ena amazipatsa tsamba lapadera. Ine ndingakonde tsamba lapadera, koma ndikudziwa kuti pakati pathu pali omwe analowa gululi chifukwa cha zimenezi, ndiye tiwamve kaye. Chachiwiri ndi magemu omwe ali pa laputopu ya gulu koma anagulidwa pa akaunti ya membala mmodzi. Tikambirane ngati ali a gulu, komanso chomwe chidzachitike membalayo akadzachoka.

A Mlembi ndawapatsa kale chitsanzo cha tsamba la kaundula chomwe anatigawira kumsonkhanoko. Onse omwe munabwereka mabokosi mubwere nawo pa mkumano ukubwerawu, ngakhale omwe simunamalize kusewera, chifukwa tidzatsegula lililonse n'kuwerenga zam'kati motsata kabuku kake.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu