Opareshoni yochepetsa chifu siichotsa njala ya mumtima

A Mkonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za anzathu amene akumapita ku India kapena ku Joni kukachepetsa chifu kuti aonde. Achemwali anga anapangitsa opareshoni ija amati sleeve, madokotala amachotsa pafupifupi 80 peresenti ya chifu, kotsalako kamangokhala ngati nthochi. Masabata oyamba ndi zamadzimadzi zokhazokha, kenako phala, kenako zofewa, nsima ikadzabwera mbamu zingapo basi akhuta. Amayambira ndiwo, mazira, nyemba, matemba a ku Chilwa, poti thupi limafuna mapuloteni, madzi samwera pachakudya, ndipo mavitamini ngati B12 komanso ayironi ndi omwa moyo wonse.

Koma chikundiwawa nchoti za maganizo palibe akuzikamba. Munthu amene akakhumudwa ankathamangira mandasi ndi Fanta mpeni wa dokotala sungamuchotse chizolowezicho, amangoyamba kutolatola tsiku lonse, apa bisiketi apa tiyi wa shuga wambiri, mapeto ake thupi nkuyambanso kubwerera iye nkumadzida yekha. Ndiye ife achibale timaonjezera, pachinkhoswe kumuunjikira mpunga m'mbale eti "idyani achemwali, mwaonda ngati mukudwala". Chonde tisiye zimenezo, zimapweteka.

Madzulo timayenda ndi achemwali anga ku Matawale kuno pang'onopang'ono, poti a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo m'njiramo ndi momwe amamasuka kunena zakukhosi. Azaumoyo tithandizeni, anthu amenewa akufunika alangizi a zamaganizo ndi a zakudya konkuno ku Zomba.

Wowerenga wanu,
Matawale, Zomba