AI ithandize ahedi pa mapepala, isaweruze ana

Akonzi,

Ndikuvomereza kuti AI, luso la makompyuta lotsanzira nzeru za munthu, ilowe m'maofesi a masukulu a sekondale, koma izingogwira ntchito za mapepala, isamaweruze ophunzira.

Ndimaphunzitsa pa CDSS ina yakumudzi. Teremu ikamayamba, achiwiri kwa ahedi amatha masiku atatu akukonza ndandanda ya maphunziro, kulemba n'kufufuta, chifukwa mphunzitsi wa Physics ndi mmodzi yekha, sangakhale ku Fomu 2 ndi Fomu 4 nthawi imodzi. Teremu yathayi ndinayesa AI pafoni yanga. Ndandanda inatuluka tiyi asanazizire, ngakhale inaika Chichewa katatu Lachisanu, tinachita kukonza tokha.

Nkhawa yanga ili pa kaundula wa ana. Makina akaona mtsikana wajomba sabata ziwiri adzangoti ndi waulesi. Sadziwa kuti mtsinje unasefukira kapena kuti akudwazika mayi ake.

Unduna wa Maphunziro utulutse ndondomeko yogwirizana ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, uphunzitse ahedi ndi akalaliki, komanso uyambe waika sola m'masukulu omwe magetsi a ESCOM sanafike.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Dedza